Gitala ya ku Migodi yaliranso patapita zaka 30

Mwezi wa Julaye caka catha, anthu atatha kukolola, tinapangana pa parishi pathu kuti tiyeretse cipinda cosungiramo katundu, popeza cimanga ca zopereka za masika cinali kusowa poikidwa. Cipinda cimeneci cakhala zaka zambiri cili kulandira ciliconse cimene anthu acita naco mantha kutaya: mabenci othyoka miyendo, belu long'aluka, mabuku a nyimbo odyedwa ndi ciswe. Kuseri kwa zonsezi tinapeza cibokosi cakuda, cacitali, comangidwa ndi malegeni. Titamasula munatuluka mphemvu zosawerengeka, ndipo pansi pa zisa za makoswe panali gitala ya magetsi yofiira, yotsala ndi nsambo zitatu cabe, zonse zodyedwa ndi dzimbiri.

Nzeru zinabwera zambiri nthawi yomweyo. Mnyamata wina anati nsambozo zingathandize pa misampha ya akalulu. Wina anati tiipale ndi sandipepa, tiipake penti yobiriwira imene inatsala pa zitseko za chalichi, makamaka pamphepete pamene penti yake inasupuka mpaka thabwa kuonekera. Wacitatu anali atayamba kale kukunga nsambo yaikulu kuti amve ngati ilira. A katekisti athu, amene akhala pa malo ano kuposa tonsefe, anamugwira dzanja. "Taimani ana inu," iwo anatero. "Cinthu ici cili ndi mwini wake, ndipo akazi ake akali moyo."

Mwini wakeyo anali bambo wina wa m'mudzi wapafupi amene anapita ku Migodi ali mnyamata. Pakati pa sabata anali kugwira nchito pansi pa mgodi, ndipo pa Ciweru ndi pa Sondo anali kuimba gitala m'maholo a m'makomboni. Pobwerera kumudzi anabwera nayo, ngakhale kuti kumudziko kunalibe magetsi. Atamwalira m'zaka za m'ma 1990, amai a kunyumba kwake anaipereka ku chalichi kuti ithandize kwaya, koma panalibe amplifaya, motero inalowa m'cipinda muja ndi kuiwalika. Tinapita kukawaona amaiwo. Ndi okalamba tsopano, ndipo maso saonanso bwino. Sanatifunse zambiri. Anangoti, "Ana anga, ngati cingalirenso, mudzabwere naco kuno ndidzamve ndisanafe."

Mau amenewa ndiwo anatipatsa nchito ya masabata asanu ndi limodzi. Talemba nkhani ino cifukwa tidziwa kuti si ife tokha. M'maparishi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu amene anapuma nchito ku Migodi muli magitala otere, ogona pamwamba pa mawadirobu ndi kunsi kwa mabedi. Cacikulu cimene taphunzira ndi cakuti gitala ya magetsi siifa msanga ndi ukalamba. Yambiri imaonongedwa ndi manja a munthu wofulumira kukonza.

Kumene magitala awa anacokera

Acinyamata a lero angadabwe kuti anthu wamba anali kuwapeza bwanji magitala otere. Pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, mkuwa unali ndi mtengo wabwino, ndipo wogwira nchito m'migodi ya ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya anali ndi kandalama kogulira wailesi, gilamafoni kapena gitala. Anyamata anamva nyimbo za Jimi Hendrix, Beatles ndi Rolling Stones, nayamba kuziyesa, kenaka naziphatikiza ndi kaimbidwe ka kuno kwathu. Nyimbo zimenezi ndizo lero zichedwa Zamrock. Mabandi monga WITCH ndi Amanaz, amene anayambira ku Kitwe, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kudzaza maholo. Mu 1975 WITCH inatulutsa cimbale ca Lazy Bones ndipo Amanaz inatulutsa Africa. Mu 1976 Ngozi Family inatulutsa Day of Judgement. Pa zaka zomwezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale pafupi-fupi zonse za m'dziko muno, ndipo mabandi anapeza msika.

Koma mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo zipangizo zoimbira zinabvuta kupeza m'masitolo. Madisiko anatenga malo a mabandi. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Magitala ena anapitiriza kulira m'mabandi a kalindula, ena analowa m'makwaya, ambiri anangogona. Papita zaka, nyimbozi zinamvekanso: kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za WITCH mu 2012, ndipo mu 2023 bandi imeneyi, motsogozedwa ndi Emmanuel Jagari Chanda, inatulutsa cimbale catsopano ca Zango. Cotero cimene cagona m'cipinda canu cosungiramo katundu cingakhale mbali ya mbiri ya dziko lino.

Mwai wathu ndi wakuti magitala ambiri a magetsi anapangidwa moti angathe kumasulidwa. Leo Fender wa ku California, amene anayamba kugulitsa magitala a thabwa lopanda mphako mu 1950 ndi kutulutsa Stratocaster mu 1954, poyamba anali wokonza mawailesi. Iye anapanga gitala ngati pulao ya ng'ombe, imene cigawo ciliconse cimangidwa ndi masikuluu. Khosi la gitala, ndilo thabwa lalitali pamene zala zigwira, limangidwa ku thupi ndi masikuluu anai cabe. Cimodzi cikaonongeka mucotsa cokhaco. Mafakitale ena ambiri anatengera nzeru yomweyi.

Sabata loyamba linali loona cabe

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinapeza aphunzitsi ena opuma nchito amene anaimbapo m'bandi pa unyamata wao, ndipo lamulo lao loyamba linali lakuti tisamasule ciliconse tisanaijambule ndi foni mbali zonse. Anatiuzanso kujambula mawaya a m'kati tisanawakhudze, cifukwa mawa mutu udzaiwala kuti waya wofiira unali pati. Tinajambula cithunzi ca gitala pa katoni, ndipo sikuluu iliyonse imene tinacotsa tinaibaya pa katonipo pa malo ake. Masikuluu a gitala aoneka ofanana, koma yaitali ikalowa pa malo a yaifupi ingathe kutulukira kuseri kwa thabwa.

Kenaka tinafunafuna dzina. Cizindikiro ca pamutu pa gitala cinacoka kale, koma pa kacitsulo ka kumbuyo, pamene khosi likumana ndi thupi, panadindidwa kuti inapangidwa ku Japan. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mafakitale a ku Japan monga Teisco ndi Guyatone anapanga magitala ochipa ambiri-mbiri nawatumiza m'maiko osiyana-siyana. Ena amene mungapeze ndi a ku Germany, monga Höfner ndi Framus. Ngati yanu ili ndi dzina la Fender, nambala yake ipezeka pa kacitsulo ka kumbuyo komweko, ndipo kuyambira mu 1976 inasamukira pamutu. Ya Gibson kawiri-kawiri nambala ili kumbuyo kwa mutu. Lembani nambalayo m'buku musanacite ciliconse.

Pali zinthu zitatu zimene zionetsa ngati nchito ndi yotheka. Coyamba, ikani diso kumutu kwa gitala ndi kuyang'ana motsata khosi, monga acitira kalipentala poona ngati thabwa ndi loongoka. Khosi lopinda pang'ono ngati uta lingaongoledwe, koma lopotoka ngati cingwe ndi bvuto lalikulu lofuna mmisiri weni-weni. Caciwiri, onani ngati pali mng'alu pamene mutu ukumana ndi khosi. Cacitatu, funani timabowo tating'ono totuluka ufa, cizindikiro cakuti tizilombo tili kudya thabwa m'kati. Yathu inali yopinda cabe, yopanda mng'alu, ndipo makoswe anadya nsalu ya m'bokosi ndi lamba wokolekera paphewa, thabwa analisiya.

Kuyeretsa, ndi pamene tinalakwa

Apa tiyenera kuulula kulakwa kwathu kuti inu musakubwereze. Mmodzi wa ife, pofuna kucotsa litsiro kumbuyo kwa gitala, anathira sipiriti pa nsalu ndi kupukuta. Vanishi yakale inasungunuka, napasiya cigamba coyera cacikulu ngati cikhato. Cilipo mpaka lero. Vanishi ya magitala ambiri akale siigwirizana ndi sipiriti, thina kapena petulo. Cofunika ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono, yofinyidwa kwambiri, ndi kadontho ka sopo. Mupukuta malo ang'ono, n'kuumitsa pomwepo ndi nsalu ina youma.

Za penti tinakangana masiku awiri. Acinyamata anafuna kuti ioneke yonyezimira ngati za pa TV. Aphunzitsi aja anakana. Anati penti yatsopano siionjezera kanthu pa kaliridwe, ndipo kwa odziwa magitala, yakale imene yapakidwanso penti mtengo wake ugwa kwambiri. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: gitala yopakidwa bwino koma ya khosi lopinda ndi yongokoleka pacipupa. Tinagwirizana kusiya penti yofiirayo monga inalili, ndi malo osupuka omwe.

Zitsulo zadzimbiri, monga masikuluu ndi briji, ndico citsulo cimene cinyamula nsambo pa thupi la gitala, tinaziviika mu viniga usiku umodzi. M'mawa tinazikweca ndi mswaci wakale, kuzitsuka ndi madzi, kuziumitsa padzuwa ndi kuzipaka mafuta a makina osokera. Makiyi okungira nsambo anali ouma gwa, koma kadontho kamodzi ka mafuta omwewo pa kiyi iliyonse ndi kupotokola uku ndi uku zinakwanira. Thabwa lakuda la pakhosi, pamene pali tizitsulo topingasa tochedwa mafreti, tinalipala litsiro ndi khadi yakale ya pulasitiki. Musapakepo mafuta ophikira, cifukwa amasasa ndi kuitana nyerere. Ngati mupukuta mafreti ndi steel wool, phimbani kaye zitsulo za maginito zimene zili kunsi kwa nsambo, cifukwa nyenyeswa zake zimamatirira pamenepo ndipo zingalowe m'kati.

Kuongola khosi

Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zikoka khosi ndi mphamvu ya makilogramu 40 mpaka 45, pafupi-fupi thumba la cimanga. Ganizirani thabwa locepa likunyamula katundu wotere usana ndi usiku, m'cinyontho ca dzinja ndi m'kutentha kwa Okutobala, kwa zaka 30. N'cifukwa cake m'kati mwa khosi la magitala ambiri muli ndodo ya citsulo imene oimba amati truss rod. Mutu wake upezeka pansi pa kacibvundikiro kumutu kwa gitala, kapena kunsi kwa khosi. Mukaimanga, kupotokola monga muyendera mivi ya koloko, khosi liongoka. Mukaimasula, lilola kupinda.

Pano ndi pamene magitala ambiri afera. Munthu agwira sipanala n'kumanga ngati amanga gudumu la ngolo, ndodo n'kuduka m'kati, ndipo kuicotsa ndi nchito yodula kuposa gitala yomwe. Ife tinayamba ndi kuimasula pang'ono ndi kudonthezapo mafuta. Kenaka tinamanga kota ya mzungulo umodzi cabe, n'kuisiya tsiku lathunthu kuti thabwa lizolowere. Tinabwereza motero kanai pa sabata imodzi. Ngati ndodo ikana kuyenda, lekani, musakakamize.

Kuti mudziwe ngati khosi lafika pabwino, ikani nsambo ndi kuzikunga. Dindani nsambo yaikulu pa freti yoyamba ndi pa freti yomaliza nthawi imodzi, mnzanu ayang'ane mpata pakati pa nsambo ndi freti ya nambala 8. Mpata woyenera ndi pafupi-fupi kota ya milimita, ndiko kuti mapepala atatu a buku lolembamo la kusukulu ophatikiza. Ukaposa pamenepo khosi likali lopinda. Ukasoweratu nsambo zidzagunda mafreti ndi kulira ngati nchenche m'botolo.

Mafreti awiri anali atadzuka m'mphepete, ndipo anali kuceka zala. Kalipentala wa m'mudzi mwathu anaikapo kathabwa ndi kugogoda pang'ono-pang'ono ndi kanyundo mpaka anakhala pansi, nasalaza nsonga zake ndi tupa yaing'ono. Kapulasitiki ka kumutu kamene nsambo zidutsapo, kamene amati nati, kanali kosweka. Kalipentala yemweyo anatenga fupa la mwendo wa ng'ombe, naliphika, naliumitsa masabata awiri kuti mafuta acoke, nalisema molingana ndi kakale kaja. Si nzeru ya umphawi iai: magitala odula a kunja nawo agwiritsa nchito fupa. Mabowo a masikuluu amene anakula tinawadzaza ndi timitengo ta macisi topaka guluu wa matabwa, ndipo atauma masikuluu anagwira ngati kale.

Za mawaya

Gitala ya magetsi ilibe mphako yokuza mau. Kunsi kwa nsambo kuli zitsulo za maginito zimene amati mapikapu. M'kati mwake muli waya wa mkuwa wocepa ngati tsitsi, wokulungidwa pa maginito nthawi zikwi zingapo, pafupi-fupi 8,000 pa pikapu ya Stratocaster. Nsambo ya citsulo ikagwedezeka pamwamba pa maginito, m'wayamo mubadwa mphamvu yocepa ya magetsi, ndipo amplifaya ndiyo iikuza kukhala mau. Pikapu ndiyo mtima wa kaliridwe ka gitala yakale, ndipo yakaleyo ikatayika simudzapezanso ina yofanana nayo. Musaiviike m'madzi kapena mu viniga, ndiponso musayese kumasula wayayo.

Tinapita nayo kwa mmisiri wokonza mawailesi ndi mafoni pa boma. Kuyesa kwake kunali kwapafupi. Analumikiza gitala ku amplifaya nagogoda pikapu iliyonse ndi nsonga ya sikuludiraiva. Imodzi inayankha kuti tho tho, ina inali zii. Anatenga mita yake yoyesera. Pikapu yamoyo ya magitala otere ionetsa maohmu zikwi zingapo, kawiri-kawiri pakati pa 4,000 ndi 8,000. Yacete ija sinaonetse kanthu. Mitima yathu inagwa, koma mmisiriyo atayang'anitsitsa anapeza kuti waya unangocoka pamene unawochereredwa, kunja kwa cokulungaco. Anawocherera ndi kadontho ka soda, ndipo pikapu inadzuka. Akadakhala wofulumira akadaitaya ndi kutigulitsa yatsopano.

Zopotokola zokwezera mau zinali kulira khwekhwe. Anazipopera mankhwala oyeretsera zipangizo za magetsi amene okonza mawailesi asunga, nazizunguliza uku ndi uku nthawi zambiri. Cimodzi cinacira, cina cinakana ndipo tinagula catsopano. Pogula, onani nambala yodindidwa kumbuyo kwake, kawiri-kawiri 250K kapena 500K, ndipo mugule cofanana, apo ai mau asintha. Jeki, ndipo polowetsa cingwe ca ku amplifaya, inali itadyedwa ndi dzimbiri ndipo tinaisintha. Panalinso waya wina wocokera ku briji umene unaduka. Nchito yake ndi kucepetsa mkokomo: ngati mkokomo wa m'sipika sucepa mukakhudza nsambo, yambani kufufuza waya umenewu. Zakale zonse zimene tinacotsa tinaziika m'kathumba ndi kuzisunga m'bokosi la gitala. Nanunso musataye kanthu, ngakhale kooneka kakufa.

Nsambo ndi kuchuna

Mawaya a mabuleki a njinga alira bwino pa banjo ya cigubu, koma pa gitala iyi saloledwa. Nsambo za nailoni sizimveka konse cifukwa maginito samva nailoni, ndipo za gitala ya bokosi ndi zolemera, zingapindenso khosi. Gulani paketi yolembedwa kuti ndi ya gitala ya magetsi. Pa gitala yokalamba ndi bwino kuyamba ndi zopepuka, zolembedwa 9 mpaka 42. Kungani pang'ono-pang'ono, nsambo zonse pamodzi, osati imodzi mpaka kumapeto. Pa freti ya nambala 12, mpata pakati pa nsambo yaikulu ndi freti ukhale pafupi-fupi mamilimita awiri, ndipo pa nsambo yaing'ono milimita imodzi ndi theka. Briji ili ndi timasikuluu tokwezera ndi kutsitsira.

Cotsiriza ndi cimene ambiri sacidziwa. Gitala ingachunidwe bwino koma n'kumanama mukaimba ca kumunsi kwa khosi. Freti ya nambala 12 ili pakati peni-peni pa nsambo, motero mau a pamenepo ayenera kufanana ndi a nsambo yosadinda, kungoti ndi okwera. Yesani ndi pulogalamu yochunira ya pa foni. Ngati mau a pa freti 12 apitirira, bwezani kacitsulo ka nsambo imeneyo pa briji kuti katalikire khosi. Ngati aperewera, kasendezeni kufupi ndi khosi. Yathu inatitengera madzulo amodzi, ndipo pamenepo ndi pamene inayamba kugwirizana ndi kiyibodi ya kwaya.

Cenjerani ndi amplifaya

Ili ndi gawo limene tipempha awerengi onse kulimvetsa, ngakhale amene alibe gitala. Gitala payokha siingaphe munthu, mphamvu yake ndi yocepa kuposa ya batire ya toci. Koma nsambo zake zilumikizidwa ndi cingwe ku citsulo ca amplifaya, ndipo amplifaya ili pa magetsi a mavoti 230. Ngati m'kati mwaonongeka ndipo waya wa earth palibe, magetsi onsewo afika pa zala za woimba. Leslie Harvey wa bandi ya Stone the Crows anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni yopanda earth. Keith Relf, amene anali woimba wa Yardbirds, anafa kunyumba kwake ku London mu 1976 ali kuimba gitala yolumikizidwa molakwika.

M'machalichi mwathu tiona kawiri-kawiri mawaya opanda pulagi atalowetsedwa m'soketi ndi kutsekeredwa ndi timitengo ta macisi, woimba ali wopanda nsapato pa simenti yongokolopedwa kumene. Zimenezi zilekeke. Amplifaya ikhale ndi pulagi ya mano atatu, ndipo dzino lacitatu likhale lolumikizidwa ndithu. Mukamva kunyerenyetsa pa zala kapena pamilomo pokhudza maikolofoni, zimitsani pomwepo ndi kuitana wodziwa. Mukapeza amplifaya yakale ya mavavu, musaiyatse ndipo musaitsegule kumbuyo: m'kati mwake muli zipangizo zosunga mavoti 300 mpaka 500 ngakhale mutaicotsa ku magetsi. Onaninso kumbuyo ngati inalembedwa mavoti 110 kapena 120, cifukwa ya ku America yotere ipsa nthawi yomweyo pa magetsi athu. Safunsa anadya phula.

Ogula akafika pakhomo

Nchito isanathe, munthu wina wa m'tauni anamva mbiri nabwera ndi ndalama m'thumba, ati atithandize kucotsa zinyalala. Tinamuuza kuti gitala ili ndi mwini wake. Sitinena kuti gitala yakale iliyonse ndi cuma. Yambiri ya ku Japan, monga yathu, mtengo wake ndi wapakati cabe. Koma Fender kapena Gibson yeni-yeni ya zaka za m'ma 1960 ingagule ng'ombe zingapo. Musagulitse tsiku limene wogula wafika. Jambulani, lembani nambala, funsani oimba awiri kapena atatu osadziwana, ndipo ngati ndi katundu wa malemu, banja lonse lidziwe. Ngati ndi ya parishi, komiti ilembe m'buku la katundu. Kwa ife, zonse zimene tinagula, nsambo, jeki, copotokola cimodzi ndi malipiro a amisiri awiri, sizinafike pa mtengo wa thumba limodzi la fataleza.

Tinabwerera kwa amai aja

Pa Sondo lina la Seputembala, titatuluka m'chalichi, tinamanga gitala pa njinga pamodzi ndi ka amplifaya kakang'ono koyendera batire ya sola, ulendo wa kwa amai aja. Tinawapeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ana a m'mudzi anatizungulira. Aphunzitsi athu anayamba ndi nyimbo ya kwaya, kenaka anaimba kalindula, ndipo azimai ena amene anali kusinja anasiya mitondo.

Amaiwo anamvetsera osanena kanthu. Nyimbo itatha anati, "Tandipatsani kuno ndicigwire." Tinaika gitala pamiyendo pao. Anayendetsa zala pa khosi, pa makiyi, mpaka anafika pamphepete paja pamene penti inasupuka, pamene acinyamata anafuna kupaka penti yobiriwira. Anaima pamenepo nthawi yaitali. "Ndi yomweyi," anatero. "Apa ndi pamene panali kukhala mkono wa atate ao a ana." Kenaka anauza mdzukulu wao kuti agwire nkhuku.

Lero gitalayo ilira pa Misa ya acinyamata, ndipo atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi ali kuphunzira. Tiisunga m'bokosi lake, pamwamba pa shelefu, kutali ndi malata otentha ndi cipupa conyowa. Woimba aliyense apukuta nsambo ndi nsalu youma akatha, cifukwa thukuta ndilo liyambitsa dzimbiri. Ikakhala miyezi yosagwira nchito timasula nsambo pang'ono.

Mvula isanayambe, tiyeni titsegule zipinda zathu zosungiramo katundu, tione zimene zagona kuseri kwa matumba. Mukapeza gitala, musakunge nsambo, musatenge sandipepa, ndipo musaipatse ana kuti aziseweretsa. Yambani mwafunsa akulu kuti inali ya yani.